Chikwama Chimene Vailet Analongeza

Mu msika wa Limbe, mukadutsa pamene amagulitsa nsapato n'kutsetserekera kumunsi kumene ngalande imanunkha nthawi ya dzinja, mupeza benchi ya Vailet Zuze. Simungaiphonye, chifukwa ndi pamene pamaunjikana azimayi oyembekezera ngati pali sikelo. Vailet amagulitsa kaunjika wa ana akhanda: timajuzi, timasokosi, tizipewa, mashawelo, komanso madiresi a amayi opita kukachira kuchipatala. Geniyi anaiyamba ali mtsikana, bambo ake atamwalira sukulu n'kuthera pomwepo. Makolo a bambowo anachokera ku Milanje, tsidya lija la Mozambique, kudzathyola tiyi ku Thyolo. Bambowo anakulira ku Limbe n'kugwira ntchito ya ulonda mpaka miyendo inatupa. Chuma sanasiye. Anangomusiyira mwana wawo mtima wopirira ndi pakamwa posadziwa kudandaula.

Koma pa benchi pakamwa pomwepo sipatsekeka. Mtsikana wa mimba yoyamba akaima n'kumagwiragwira zinthu mwamanyazi, Vailet amamuyamba yekha.

"Chitenje chatsopano musalowe nacho ku leba, asisi. Chimakhala chouma gwa, sichimwa madzi, chikakanda mwana. Tengani zakale zofewa, zakuda bwino, zoti magazi asamachite kulengeza. Chatsopanocho n'chotulukira, anthu aone kuti bambo a kunyumba alipo. Diresi likhale la mabatani kutsogolo, apo ayi mudzachita kuvula lonse pamaso pa alamu anu mwana akalira. Ndipo chipewa! Iwalani mwamuna wanu pa geti, koma chipewa musaiwale. Mwana amazizidwa kuyambira kumutu."

Azimayi amaseka, amagula, amakauza anzawo. Ana ambiri a ku Chinyonga ndi ku Manja anatuluka m'chipatala atavala zosankha dzanja la Vailet. Chimene azimayiwo sankadziwa n'chakuti kwa zaka zambiri, nthawi iliyonse Vailet akamaika kachipewa m'manja mwa mayi woyembekezera, mtima wake unkachita myuu, ngati wapatsira munthu chakudya chimene iye mwini akuchikayikira.

Nkhani yake ili apa. Vailet anakwatiwa ndi Eliot, dalaivala wa thiraki yopita ku Beira, munthu wofatsa amene amakhala pa msewu kuposa pakhomo. Ankachita lendi ku Manja, kuseri kwa nyumba ya mayi ake a Eliot, a Miriam. Mimba yoyamba itabwera, Vailet anachita zimene aliyense wokhala pa belo la zovala akanachita. Akamasula belo m'mawa, chokongola chilichonse chinkayamba chalowa m'chikwama chake, makasitomala n'kupeza zotsala. Kunyumba ankachapa, n'kusita, n'kupinda bwinobwino m'sutikesi. Mimba isanaoneke n'komwe, sutikesi inali ikukana kutsekeka.

Tsiku lina apongozi ake anamupeza atayala zonse pa bedi akuzisirira. Anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Mwana wanga, mbereko sagula mwana asanabadwe."

Vailet anaseka. Anali wamng'ono, ndipo anali wosangalala. "Amayi, zimenezo n'zakale. Ku sikelo akutiuza kuti tizikonzekeratu."

Tsoka silinunkha. Mwanayo, wamwamuna, anabadwa ali zii, osalira, osapuma. Azimayi anamukulunga m'chitenje n'kupita naye m'mphepete mwa manda, monga amachitira ndi mtayo, popanda nyimbo, popanda abusa. Azimayiwo anamuuza Vailet kuti asalire, poti kulira mtayo kumatseka njira ya ana ena. Iye anameza misozi. A Miriam sanamukalipire ayi. Anamusamalira ngati mwana wobala okha, kumuphikira phala, kumuthira madzi otentha pamsana. Kungoti m'mawa wina, akumuthira madzi omwewo, anapumira m'mwamba n'kunena chapansipansi kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ananena kamodzi kokha, sanabwerezenso. Koma mawuwo analowa mwa Vailet n'kumanga nyumba.

Nanga sutikesi ija akanaitani? Kusunga sakanatha, kuotcha sakanatha. Atabwerera ku msika anangoikhuthulira pa benchi. Zinatha tsiku lomwelo, poti zinali zosankhidwa. Ndiye kwa miyezi ingapo ankakumana nazo. Kajuzi kachikasu anakaona m'minibasi, pamsana pa mayi wina amene anakhala kutsogolo kwake kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni. Kashawelo koyera anakaona ku tchalitchi tsiku la ubatizo. Zimenezi zinamupweteka kuposa tsiku la kuchipatala lija, ndipo sanauze munthu.

Zaka zinapita, mimba osabwera. Abale ena a Eliot anayamba kulankhulira m'mbali kuti mlamu wawo amangodziwa kuveka ana a eni. Eliot sankawayankha. Ndipo Vailet atayamba kuzolowera kuti basi ndi mmene Mulungu wamulembera, anangozindikira kuti fungo la kaunjika, limene anakula nalo, layamba kumuchititsa mseru.

Chikakuluma chakuda umaopa ndi khala lomwe. Tsiku limene anatsimikiza kuti ali ndi pakati, Vailet analumbira mumtima kuti ulendo uno sagula kanthu, sasankha kanthu, saika padera ngakhale kasokosi kamodzi. Mwanayu ankamufuna kuposa moyo wake, n'chifukwa chake anaganiza zokhala ngati sakumuyembekezera. Ankati tsoka likabwera n'kupeza m'nyumba mulibe chokonzekera, lidzaganiza kuti lasochera, lidzapitirira.

Ku sikelo anamwino ankaphunzitsa zoyenera kutenga popita kukachira, iye n'kumagwedeza mutu pamodzi ndi anzake, chonsecho phunzirolo akanatha kuliphunzitsa bwino kuposa iwo. Miyezi itasendera, anamwino anati aliyense abwere ndi chikwama chake adzaone. Vailet anatola pa benchi chipewa, juzi, shawelo ndi masokosi, n'kukaonetsa. Anamuyamikira pamaso pa onse kuti tengerani chitsanzo kwa mayi awa. Pobwerera anazibwezera pa mulu, ndipo dzuwa lisanapendeke zinali zitagulidwa. Mumtima ankati sananame kwenikweni, anali katundu wa geni amene anangopita kukayenda.

Eliot anabwera kuchokera ku Beira ndi kabulangete kofewa ka ana, atakabisa m'jekete ngati mnyamata wopita kwa chibwenzi. Atakatulutsa, Vailet anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Tulutsani chimenecho m'nyumba muno."

"Vai, n'kabulangete chabe."

"A Eliot, ndati tulutsani. Mukufuna tiikenso wina?"

"Ndiye akabadwa adzavala chiyani, nyuzipepala?"

"Akabadwa mudzagula. Limbe sathawa."

Eliot anayang'ana mkazi wake, n'kutuluka panja. Kabulangeteko anakapatsa mnzake wa kuntchito. Patapita masiku ochepa ananyamukanso ulendo wa ku Beira ali wokhumudwa, ndipo Vailet anamuperekeza mpaka pa msewu.

Munthu yekhayo amene ankamulasa mosapsatira anali Shamila, wa benchi yoyandikana nayo, wogulitsa mipango ndi zitenje. Shamila ndi Msilamu wa ku Limbe komweko, mayi wa ana angapo, mkazi wa Waziri woyendetsa minibasi. Awiriwa anakhala moyandikana zaka zambiri, kudyera mbale imodzi ndi kulonderana katundu wina akapita kukapemphera.

"Iwe Vai, moyo ndi imfa mwini wake ndi Mulungu, osati kasokosi," ankatero Shamila. "Ngati zovala zimapha, bwenzi theka la ana a mu Limbe muno utawatha ndiwe."

Ankanena moseka, osadziwa kuti waponda pa chilonda penipeni. Vailet anangoyankha kuti, "Iwe sunatayepo." Shamila anatembenukira ku mipango yake, poti zinali zoona.

Chikwama chake chenicheni Vailet anachilongeza yekha, chitseko atatseka. Anaikamo pepala lakuda loyala pa bedi, lezala, ulusi ndi sopo, beseni n'kuliika pambali. Zimenezo sizinamuvute, chifukwa zimafunika ngakhale zinthu zitapanda kuyenda bwino. Anaikamo zitenje zakale zochepa, zokwanira thupi lake lokha, n'kumadziuza kuti izi n'zanga, si za munthu wina. Atafika pa diresi anaima nthawi yaitali. Anali nalo la mabatani kutsogolo, koma diresi lotero ndi la mayi woyamwitsa, ndipo kuliika m'chikwama kunali ngati kulengeza. Anatenga lina labuluu, lotseka mpaka m'khosi, la zipi kumsana. Tinene mosabisa, mayi amene analongezera Limbe yense zikwama zabwino anadzilongezera chikwama cha munthu wokabwerako chimanjamanja. Ankachisunga pansi pa benchi ku msika.

Chakudza sichiimba ng'oma. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitagwira mzinda wonse, phiri la Soche osaoneka, kamvula kowaza kakungonyowetsa anthu pang'onopang'ono. Kunali kutatsala mwezi wathunthu ndi masiku kuti nthawi yake ikwane. M'mawa umenewo Vailet anawerama kuti adule zingwe za belo, n'kumva chinthu chikuduka m'chiuno, madzi n'kutsika m'miyendo.

Shamila anaimbira foni Waziri, amene anatsitsa anthu pa siteji n'kubwera ndi minibasi yopanda kanthu. Shamila anasolola chikwama ndi beseni pansi pa benchi, kenaka dzanja lake linapita pa mulu n'kutola chipewa ndi juzi. Vailet, ululu uli pakati, anamugwira pamkono mwamphamvu.

"Siya!"

"Vai, kukuzizira kunjaku."

"Ndati siya! Ukatenga, ine sindikwera. Ndichirira pompano."

Maso ake anali oti sakuseka. Anthu anali atayamba kuunjikana, Waziri akuliza hutala kumtunda. Shamila anaponya zovalazo pa mulu, n'kutukwana m'Chiyao.

Kuchipatala zinthu zinathamanga. Dzuwa lisanafike pamutu, ngakhale kuti tsikulo dzuwalo panalibe amene analiona, mwana anali atabadwa. Anali wamkazi, wochepa ngati chinangwa, ndipo analira kamawu kochepa ngati kamphaka. Vailet atamva kamawuko anatseka maso. Anali asanamvepo mwana wake akulira.

Namwino amene anamuchiritsa anali mayi wamkulu thupi, dzina lake Ella, wa manja achangu ndi pakamwa pachangu. Anapukuta mwana ndi chitenje chimodzi, chinacho chinali chitanyowa kale pa bedi, china Vailet anali atachinyowetsa m'minibasi. Chinatsala chimodzi chopyapyala, nachonso chozizira chifukwa chikwama chinavumbwa panjira. Namwino anapisa dzanja m'chikwama, anafufuza, n'kuchitembenuza chadodolido.

"Mayi, chipewa chili kuti? Shawelo? Masokosi?"

Vailet anayang'ana kudenga.

Namwino anamuyang'anitsitsa. "Dikirani. Inu si mayi aja a kaunjika ku Limbe? Ine chipewa cha mdzukulu wanga ndinagula kwa inu, munachita kundikakamiza kuti nditenge ziwiri. Lero mwabwera chonchi?"

Namwino anapukusa mutu n'kufotokoza mwachidule. Mwanayo ankapuma bwino, koma anali wosakhwima, thupi lake silikanatha kudzitenthetsa lokha. Ku chipinda cha ana osakwana masiku kunali kodzaza, ana atagona awiriawiri. Mankhwala ake anali amodzi: agone pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhudza khungu, mutu wovala, onse awiri ofundidwa bwino. Akazizidwa, ndiye kuti zavuta.

Shamila, amene ankadikira pakhonde, atamva anangoti, "Ndinanena ine," n'kuthamanga. Waziri anali atabwerera kale pa msewu, foni yake osayankhidwa. Kunalibe kuchitira mwina koma kukwera minibasi yodikira kudzaza, mvula ili mkati, n'kukatenga zovala ku Limbe.

Anamwino anamupititsa Vailet ku wodi ya amayi ochira, bedi la kumapeto, pafupi ndi zenera limene magalasi ena anali atasweka. Mphepo inkalowa ngati kwawo. Anayesa kulowetsa mwana m'diresi labuluu lija, koma khosi lake linali lothina, ndipo panalibe polowera. Analivula, n'kugoneka mwana pachifuwa, n'kufunda diresilo pamodzi ndi kachitenje kopyapyala kaja. Mutu wa mwana anauphimba ndi chikhatho. Mabulangete a chipatala anali atatha, odwala anali ambiri kuposa mabedi.

Poyamba kamwanako kankalira pang'onopang'ono. Kenaka kanasiya. Vailet anagwira kaphazi kake, kanali kozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anakapumira mpweya, anakafikisa, koma iye mwini ankanjenjemera, analibe kutentha koti agawire wina. Namwino Ella anabwera, anaika choyezera kutentha m'khwapa mwa mwana, anachiyang'ana, nkhope yake n'kusintha. Anatembenukira wodi yonse.

"Amayi, ali ndi chipewa chapadera ndani? Ndi bulangete? Mwana uyu akuzizidwa."

Munali zii. Tisawaweruze msanga amayi amenewo. Ambiri anali ndi kachipewa kamodzi, kali kale pamutu pa mwana wawo. Ena anali nazo ziwiri, koma anakula akumva kuti chovala cha khanda sapatsa munthu wosamudziwa, sudziwa chimene akachite nacho. Aliyense anayang'ana mwana wake.

"Tsegulani sutikesi ili pansi pa bedi langali."

Mawuwo anachokera pa bedi loyandikana ndi la Vailet. Panagona mtsikana amene chifikire Vailet anali atayang'ana kukhoma. Dzina lake anali Vanessa. Anamuchita opaleshoni dzana lake, ndipo mayi ake omudikirira anali atapita kukawiritsa madzi kumalo ophikira. Vailet anayang'ana pa bedipo. Pambali pa mtsikanayo panalibe mwana, ndipo nkhope yake inali youma mwa mtundu umene Vailet ankaudziwa bwino. Sanachite kufunsa.

Mayi wina wa bedi la tsidya anadzutsa mutu n'kunong'ona mokweza, monga amachitira anthu ofuna kuti onse amve. "Za mtayo? Mayi inu, musayerekeze. Mwana wanu ndi wofooka kale."

Vailet anamva mantha amene sanawamvepo chibadwire. Iye amene anaopa kasokosi katsopano kopanda mwini, lero aveke mwana wake chipewa chogulira mwana amene ali kale m'dothi? Anakumbatira mwanayo mwamphamvu.

"Zikomo, asisi," anatero. "Mnzanga akubwera nazo. Ali panjira."

"Mnzanuyo akamafika apeza mwana ali bwanji?" anafunsa namwino Ella. Asanapitirize, wina anamuitana mofuula kuchokera ku leba. Analoza Vailet ndi chala, "Ndikabwera ndipeze mwana wavala," n'kuthamanga.

Vailet anaimbira Shamila. Shamila anati wafika kumene ku msika, katundu anali atamutsekera anzawo m'shedi poopa mvula, akusaka amene ali ndi kiyi. Vailet anaika foni pansi. Anayang'ana mwana. Timilomo take tinali titayamba kuda, ndipo atamugwedeza pang'ono sanatsegule maso.

Pamenepo Vanessa anadzuka. Anatsitsa miyendo pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira pa bala, n'kugwada pansi movutika mpaka thukuta linatuluka pamphumi kuli kuzizira konseko. Anakoka sutikesi n'kuitsegula. Diso la Vailet ndi la geni, linaona zonse nthawi imodzi. Zovalazo zinali zochapidwa, zositidwa, zopindidwa mwa ukulu wake, zazing'ono pamwamba. Sizinali zogula tsiku limodzi. Zinali zotola mwezi ndi mwezi, ndi munthu amene ankati akatseka chitseko n'kumaziyala pa bedi.

"Sanavaleko, asisi," anatero Vanessa. "Ngakhale kamodzi. Anandionetsa ali m'chitenje, n'kupita naye. N'zoyera."

Ndikanakonda kunena kuti pamenepo Vailet anazindikira kuti zonse zimene ankaopa zinali zabodza. Sizinatero ayi. Mantha anali pomwepo, athunthu, ndipo mawu a mayi wa tsidya uja ankalira m'makutu mwake. Kungoti pansi pa chikhatho chake kamutu kaja kankazizirabe, ndipo kuzizira kumeneko sikunali kongomva kwa anthu, ankakukhudza ndi dzanja lake. Anali ndi zoopa ziwiri, ndipo anayenera kusankha chimodzi.

"Bweretsani," anatero.

Vanessa anatenga chipewa choluka, chofiirira. Anaimirira n'kufika pa bedi la Vailet, koma sanachipereke.

"Ndimuveke ndine? Ndingoona mmene chimakhalira pamutu."

Vailet anachotsa chikhatho chake. Vanessa anaveka mwanayo ndi zala zosazolowera, ndipo chipewacho chinatsika mpaka kuphimba maso ndi mphuno. Anachipinda m'mphepete, n'kuchipindanso.

"Wanga anali wamkulu," anatero. "Chikanamukwana bwinobwino."

Anatulutsanso masokosi, thewera, bulangete lochindikala, ndi diresi lake la mabatani kutsogolo limene anagula kuti aziyamwitsira. Vailet analivala, mwana n'kulowa mkati pakati pa mabere, n'kumanga ndi chitenje chouma cha Vanessa, bulangete pamwamba. Mayi wa tsidya uja anatsonya n'kutembenukira kwina. Vanessa anabwerera pa bedi lake n'kuyang'ananso kukhoma.

Tsono kunatsala kudikira. Vailet sanapemphere ndi mawu, ankangomvetsera kakupuma kaja pakhungu pake, n'kumayembekezera kuti mwina apa ndi pamene kasiye. Mphindi iliyonse ankadzifunsa ngati wapulumutsa mwana wake kapena wamupereka ndi manja ake. Namwino Ella anabwera, anayeza, anangokonza bulangete. Atabweranso ulendo wina anayang'ana choyezera chija nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kayamba kukwera. Musamuchotse pamenepo ngakhale mukupita kuchimbudzi."

Nthawi yoona odwala itakwana chakumadzulo, Shamila analowa ali chinyowere, atasenza thumba lalikulu ngati akukatsegula benchi m'chipatala momwemo. Pambuyo pake panali a Miriam, amene anawatengera ku Manja, atanyamula fulasiki ya phala. Gogoyo anagwada pambali pa bedi, anasuzumira m'diresi, n'kuomba m'manja mwakachetechete, misozi ili m'maso. Kenaka anaona chipewa.

"Nanga ichi? Shamila akuti munabwera opanda kanthu."

Vailet analoza ndi maso bedi la Vanessa, n'kunena chapansipansi mmene zinayendera. A Miriam anatsegula pakamwa, dzanja lawo n'kuyamba kupita pamutu pa mwana. Vailet analitchinga.

"Chisiyeni, amayi."

Dzanjalo linabwerera. Koma gogoyo anali asanamalize. "Komatu mwana wanga, iwenso. Munthu wogulitsa zovala za ana, mwezi wa Juni, kubwera kuchipatala wopanda ngakhale kachipewa? Ukanatiphera mwana."

Vailet anawayang'ana. "Si munandiuza ndinu, amayi? Kuti mbereko sagula. Kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

A Miriam anakwinya pamphumi, akufufuza m'mutu moona mtima. "Ine? Ndinanena liti zimenezo?"

Sankanama. Anali ataiwaladi. Mawu amene Vailet anagona nawo ndi kudzuka nawo zaka zonsezi, amene anathamangitsa bulangete la mwamuna wake, amene anatsala pang'ono kuziziritsa mwana wake mpaka kufa, mwini wake anangowataya m'mawa wina ali ndi ndowa m'manja, n'kupitiriza tsiku lake. Vailet anafuna kukwiya, koma sanapeze pogwira. Anangomva kutopa.

Mwina ndi phokoso la anthu, mwina ndi njala. Kamwana kaja kanagwedezeka m'diresi, kanatambasula timiyendo, n'kulira. Sikanalire ngati kamphaka tsopano. Kanalira mokwiya, mokweza, wodi yonse n'kumva. Shamila anatamanda Mulungu, "Alhamdulillah!" A Miriam analuluta chapansipansi. Vailet anaseka, misozi ikugwera pa chipewa.

Ali mkati moseka anatembenuka kuti amuuze Vanessa, ndipo kusekako kunathera pakhosi. Mtsikanayo anali atakhala tsonga, akudziyang'ana pachifuwa. Kulira kwa mwana kunali kutatsitsa mkaka wake. Diresi lake linanyowa mbali zonse ziwiri, ndipo kunyowako kunkakulirakulira iye akuyang'ana, manja ali m'mwamba ngati munthu amene wathiridwa chinthu ndi wina. Mayi ake anali asanabwerebe.

"Asisi," anatero, "nanga izi nditani nazo?"

Vailet ankadziwa chochita, koma sakanatha kudzuka ndi mwana womangidwa pachifuwa. Anagwira apongozi ake pa mkono.

"Amayi, kam'mangeni mabere. Mukudziwa mmene amamangira."

A Miriam anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana sutikesi yotsegula ili pansi. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, anachipinda m'litali, n'kupita kukaima kumbuyo kwa Vanessa. Anachizunguliza pachifuwa pake n'kukoka.

"Zikupweteka, mwana wanga?"

"Mangitsani, amayi," anatero Vanessa. "Mangitsani kwambiri."

Mwana wa Vailet ankalirabe, ndipo kulira kulikonse Vanessa ankatsinzina. Vailet anadikira zaka zonse zija kuti adzamve mawu amenewa. Anaika dzanja pamsana pa mwana wake, osadziwa ngati amutontholetse kapena amuleke alire.